Mapepala a mwana asatidwalitse: tiyambe kukonzekera nthawi yokolola

Inu makolo a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba amene muli ndi mwana wa kalasi 11 kapena 12,

Chaka chilichonse mvula yoyamba ikagwa, pali matenda ena amene amalowa m'makomo mwathu mwakachetechete. Bambo sakupeza tulo. Mayi mutu ukuwawa tsiku lachitatu. Mwana amene amamaliza mitanda itatu ya nsima akungonyema pang'ono n'kusamba m'manja. Mukafunsa, aliyense akuti palibe kanthu. Koma gwero lake lili m'jumbo imene yapachikidwa pamsomali kuchipinda, mmene muli mapepala ofunsira malo ku yunivesite kapena ku instituto.

Mwina mukudabwa kuti nkhani ya sukulu ikufuna chiyani m'kalata ya zaumoyo. Ikufuna malo chifukwa nkhawa imadwalitsa, ndipo mbali yaikulu ya nkhawa ya nyengo imeneyi ndi yopeweka. Malungo timawapewa pomanga neti udzudzu usanachuluke. Nawonso mavuto a mapepala tiwapewe powayamba mu Juni kapena Julaye, pamene m'nkhokwe muli chimanga, m'thumba muli kangachepe ndipo misewu ndi youma. Akuluakulu adati kugona pakati n'kuyambirira.

N'chifukwa chiyani nyengo imeneyi imapweteka?

Taonani mmene zinthu zimakumanirana. Mayeso omaliza a kalasi 12 amalembedwa kumapeto kwa chaka. Nthawi yomweyo masukulu apamwamba amatulutsa chikalata chotchedwa edital, chofotokoza maphunziro amene alipo, masiku olembetsa, ndalama zolipira ndi mapepala ofunika. Mayeso olowera, amene timawatcha exames de admissão, nthawi zambiri amachitika mu Januwale. Iyi ndi miyezi yomwe ija yogula mbewu ndi feteleza, yopalira, yolipira aganyu, pamene chakudya chikuchepa m'nyumba ndipo malungo ali pachimake.

Onjezanipo mtunda. Kuchoka ku Mandimba kupita ku Lichinga ndi makilomita pafupifupi 150, ndipo kuchoka ku Cuamba ndi pafupifupi 300. Wa kumudzi ku Ngauma ayenera kuyamba wafika kaye pamsewu waukulu wa N13, mwina panjinga, m'matope. Ulendo uliwonse ukufuna ndalama ya chapa, ya chakudya ndi malo ogona. Edital imalembedwa m'Chipwitikizi cha kuofesi, pamene ambiri a ife kunyumba timalankhula Chinyanja, Chiyao kapena Chimakua. Kulembetsa kwa masiku ano kumachitika kwambiri pa intaneti, chinthu chimene makolo ambiri sitinakulire nacho. Kholo limene limadziwa kuyendetsa munda wa fodya kuyambira kunazale mpaka kumsika limapezeka likusowa pogwira pamaso pa mwana wake. Manyazi amenewa nawonso amalemera.

Zimene nkhawa imachita m'thupi

Munthu akakhala ndi mantha kapena nkhawa, thupi limatulutsa michere imene imafulumizitsa kugunda kwa mtima ndi kukweza kuthamanga kwa magazi. Zimenezi zimathandiza ngati wakumana ndi njoka panjira, chifukwa zimatha pakapita kanthawi. Zikapitirira milungu ingapo, munthu amasowa tulo, mutu ndi khosi zimawawa, m'mimba mumaotcha, mtima umapsa msanga. Ena amathawira ku mowa kapena kusuta. Ena amaiwala kumwa mankhwala awo a tsiku ndi tsiku, monga a BP, a shuga, a TB kapena ma ARV, mwinanso kuphonya tsiku lokatenga mankhwala chifukwa ali pamzere ku ofesi.

Vuto la BP ndi lalikulu m'dziko lathu. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2005 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 33 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wina wa mu 2014 ndi 2015 adapeza kuti chiwerengerocho chidafika pafupifupi 39, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa kuti ali ndi vutoli. Makolo a ana a kalasi 12 ali pamsinkhu womwewu. BP sichenjeza. Munthu akhoza kukhala nayo zaka zambiri osamva kanthu, tsiku lina n'kungogwa, mbali imodzi ya thupi itafa.

Choncho musanayambe maulendo a mapepala, pitani kuchipatala chapafupi akakuyezeni. Kuyeza kumatenga mphindi zochepa ndipo sikupweteka. Ngati muyezo ukufika 140/90 kapena kupitirira maulendo angapo, tsatirani malangizo a azaumoyo. Chepetsani mchere: munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, omwe ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi mchere wa m'usipa wouma ndi wa m'timabuloko tokometsera ndiwo. Mukaona pakamwa papotoka, dzanja kapena mwendo walefuka mwadzidzidzi, lilime likulemera, kapena pachifuwa pakupweteka kwambiri, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Musadikire kuti kuche.

Mapepala oyenera kukhala okonzeka

Sukulu iliyonse imanena zofuna zake mu edital, ndipo masiku ndi ndalama zimasintha chaka ndi chaka. Koma pali mapepala amene amafunsidwa pafupifupi paliponse, ndipo ambiri mwa iwo sadikira zotsatira za mayeso.

Choyamba ndi chikalata cha kubadwa, certidão de nascimento kapena cédula pessoal, chochokera ku Registo Civil. Ichi ndiye muzu wa mapepala ena onse. Ngati mwana sanalembetsedwe ali khanda, yambirani pamenepa lero lomwe.

Chachiwiri ndi BI, yomwe imapangidwa ku Identificação Civil. Siituluka tsiku lomwelo, ndiponso ili ndi tsiku lothera ntchito. Itulutseni m'jumbo muone tsikulo. Sungani bwino kapepala kamene amakupatsani podikira BI yatsopano.

Chachitatu ndi NUIT, nambala ya msonkho ya manambala 9, imene imaperekedwa mwaulere ndi Autoridade Tributária. Mwana ayenera kukhala ndi yakeyake, osati kugwiritsa ntchito ya bambo ake.

Chachinayi ndi umboni wakuti analembetsa m'kaundula wa usilikali, recenseamento militar. Kulembetsaku kumachitika mu Januwale ndi Febuluwale, kwa anyamata ndi atsikana omwe, m'chaka chimene akukwanitsa zaka 18. Kulembetsa sikutanthauza kuti mwana watengedwa kupita ku usilikali, koma kapepala kake kamafunsidwa polowa sukulu zapamwamba.

Chachisanu ndi setifiketi ya kalasi 12. Iyi yokha ndiyo imadikira zotsatira, koma mwana afunsiretu ku secretaria ya sukulu yake njira yoitengera ndi ndalama yake.

Pomaliza, tizithunzi ta mutu ndi mafotokope odindidwa kwa notário. Mapepala enieni musamawasiye m'manja mwa munthu. Asungeni m'pulasitiki, pamalo pamene sipadontha ndiponso pamene chiswe ndi makoswe sangafike, ndipo muwajambule pafoni.

Ife a m'malire tili ndi nkhani ina yapadera. Mabanja ena a ku Mandimba adaphunzitsa ana awo kutsidya kwa Chiponde, ndipo anawo ali ndi setifiketi ya MSCE ya ku Malawi. Setifiketi yakunja iyenera kuyamba yavomerezedwa kuti ndi yofanana ndi kalasi 12 ya kuno. Ntchito imeneyi imatchedwa equivalência, imayendetsedwa ndi bungwe la boma loona za mayeso la INECE, ndipo imatenga nthawi. Amene ali ndi mwana wotere akafunsiretu ku ofesi ya maphunziro ya m'boma lawo chilimwe chisanathe. Akumbukirenso kuti mayeso olowera amalembedwa m'Chipwitikizi.

Chilembo chimodzi chokha

Ine ndidaziona ndi mwana wa mlongo wanga. Mapepala onse analipo, ndipo tinkadziona ngati okonzeka. Titafika pa ofesi ina, kalaliki adaika BI ndi setifiketi pamodzi n'kutionetsa kuti dzina la bambo a mwanayo lidalembedwa mosiyana ndi chilembo chimodzi. Kukonza chilembo chimenecho kudatidyera maulendo atatu ndi mbuzi imodzi, mkati mwa Disembala. Mlongo wanga adatha sabata yathunthu osagona bwino, ndipo atapita kuchipatala ndi mutu adapezeka ndi BP imene sankaidziwa. Kalaliki uja sadalakwe. Mapepala aja adakhala m'nyumba mwathu zaka zambiri, ndipo palibe mmodzi wa ife adaganizapo zowayala pamphasa n'kuwawerenga.

Zotere n'zofala kuno kwathu, chifukwa maina athu amalembedwa mwina m'kalembedwe ka Chipwitikizi, mwina ka Chinyanja. Pepala lina likuti Saide, lina Saidi. Lina likuti Mbeue, lina Mbewe. Tsiku lobadwa nalonso limasiyana. Yalani mapepala onse masana, mwana awerenge mokweza chilembo ndi chilembo, dzina lake, la bambo, la mayi, tsiku ndi malo obadwira. Mukapeza kusiyana mu Julaye ndi ntchito chabe yoti muyendere. Mukakupeza kutatsala masiku awiri kuti kulembetsa kutsekedwe, ndi matenda.

Ndalama: patulani pogulitsa

Nthawi yabwino yopatula ndalama za mapepala ndi tsiku limene mwagulitsa fodya, soya, nandolo kapena thonje. Khalani pansi ndi mwana, mulembe zonse m'kope: zolembetsera, mafotokope, notário, chapa popita ndi pobwera, chakudya, malo ogona. Ngati muli m'gulu la chipereganyu, chija ena amati xitique, pemphani anzanu kuti gawo lanu lidzagwe mwezi wa Okutobala kapena Novembala. Auzeni amalume ndi azakhali a mwanayo nthawi ikadalipo, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Pewani katapila. Ngongole yotengedwa mwaphuma mu Disembala imakusowetsani tulo mpaka nthawi yokolola.

Kwa mabanja osowa kuli thandizo la bolsa. Boma lidakhazikitsa Instituto de Bolsas de Estudo mu 2007, ndipo mayunivesite ena ali ndi thandizo lawolawo. Nthawi zambiri amafuna umboni wa umphawi, atestado de pobreza, umene umayambira kwa secretário wa bairro kapena kwa amfumu. Kupempha bolsa si chinthu chamanyazi.

Polembetsa pa intaneti, mwana agwiritse ntchito nambala ya foni yake ndi imelo yake, ndipo mawu achinsinsi olowera alembedwe m'kope lija. Ngati mukuthandizidwa ndi munthu wa pamalo opangira mafotokope, mwana akhale pomwepo, awerenge zonse asanatumize. Lipirani m'njira yokhayo imene edital yanena, kaya ndi kubanki kapena pafoni, ndipo risiti muisunge pamodzi ndi BI.

Chenjerani ndi ogulitsa malo

Pamene pali nkhawa, akuba amapezerapo mwayi. Wina adzakuuzani kuti ali ndi m'bale wake mkati, mungompatsa kenakake mwana alowa. Wina adzatumiza uthenga pafoni kuti mwana wanu wasankhidwa, mutumize ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola ku nambala yakuti. Musatumize. Zotsatira zoona zimatulutsidwa ndi sukulu yeniyeniyo, poyera. Kugula malo ndi mlandu wa katangale kwa wogulitsa ndi wogula yemwe, ndipo amene wabedwa m'njira imeneyi amaopa kukadandaula, n'kumangodwala nazo mumtima.

Kwa ana athu aakazi ngozi yake ndi yoposa pamenepa. Alipo abambo amene amalonjeza malo kapena malikisi posinthana ndi thupi. Mapeto ake ndi mimba yosakonzekera, matenda opatsirana pogonana ndi HIV. Muuzeni mwana wanu momveka kuti palibe malo a sukulu oyenera mtengo umenewo, ndipo kuti wina akamuyesa abwere adzakuuzeni, simudzamukalipira. Nkhani zotere zikanenedwe kupolisi, kapena imbani nambala yaulere ya 116, ya Linha Fala Criança. Ngati mwana akukagona ku Lichinga kapena ku Nampula, dziwani nyumba imene akafikire ndi munthu wamkulu amene akamuyang'anire.

Mwana naye wasenza katundu

Makolo timaona ndalama zimene zatuluka, koma mwana amaona nkhope zathu. Akudziwa za mbuzi imene yagulitsidwa. Akudziwa kuti mudzi wonse ukuyembekezera. Mawu akuti "tawononga zambiri chifukwa cha iwe, ukalephera usabwere pakhomo pano" sathandiza mwana kukhoza. Amangomuwonjezera mantha, ndipo mutu wamantha sugwira zowerenga.

Wachinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Kuchezera usiku wonse ndi khofi kapena zakumwa zochotsa tulo kumafooketsa kukumbukira. Mpatseni mpata wowerenga masana pomuchepetsera ntchito zina za kumunda ndi za pakhomo, makamaka mtsikana amene amayamba ndi kutunga madzi n'kumaliza ndi kutsuka mbale. Adye asanapite kukalemba. Agone m'neti usiku uliwonse, ndipo aitenge paulendo. Akatentha thupi, akayezetse malungo tsiku lomwelo, chifukwa malungo a sabata ya mayeso akhoza kutaya ntchito ya chaka chonse.

Mumverenso pa nkhani yosankha maphunziro. Maphunziro alionse ali ndi mayeso ake olowera. Wofuna udokotala, mwachitsanzo, amayesedwa Biologia ndi Química. Kukakamiza mwana wodziwa zilankhulo ndi mbiri kuti alembe zimenezi chifukwa choti inu mukufuna dokotala pabanja ndi kumutumiza kunkhondo wopanda chida.

Ofunsira malo amachuluka kangapo kuposa malo amene alipo, makamaka ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo. Ana ambiri anzeru amatsala. N'chifukwa chake ndi bwino kuyang'ana makomo angapo. Universidade Rovuma, imene idakhazikitsidwa mu 2019, ili ndi nthambi ku Lichinga. Universidade Lúrio, ya mu 2006, imaphunzitsa zaulimi ku Unango m'boma la Sanga. Universidade Católica de Moçambique, yomwe ndi yolipira, imaphunzitsa zaulimi ku Cuamba konkuno. Kulinso masukulu ophunzitsa aphunzitsi, azaumoyo ndi ntchito zamanja. Amene watsala chaka chino akhoza kulembanso chaka chamawa.

Mawu ofunika kwambiri muwanene zotsatira zisanatuluke: "Mwanawe, ukhoze kapena usakhoze, pano ndi pakwanu, tidzaonera limodzi chochita." Mtsikana amene watsala asathamangitsidwire kubanja ngati kuti sukulu yamukana mpaka kalekale. Kumbukiraninso kuti lamulo nambala 19 la mu 2019 limaletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18.

Zizindikiro zoopsa

Kukhumudwa masiku angapo pambuyo pa zotsatira zoipa n'kwachibadwa. Koma samalani ngati mwana wadzitsekera m'nyumba kupitirira sabata ziwiri, wasiya kudya ndi kusamba, akugawa zinthu zake, kapena akunena mawu onga akuti "ndangokhala mtolo kwa inu" kapena "bola kufa". Musamuseke ndipo musamukalipire. Mufunseni modekha ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizo amenewo, koma kumamutsegulira khomo lolankhula. Musamusiye yekha. Mankhwala opopera fodya, thonje ndi ndiwo zamasamba, mankhwala a makoswe ndi mapiritsi onse atsekeredwe ndi loko, makiyi akhale ndi munthu wamkulu. Pitani naye kuchipatala mukafunse técnico wa psiquiatria kapena chipinda cha achinyamata chotchedwa SAAJ. Malangizo omwewa akukhudzanso kholo limene lathedwa nzeru. Kulankhula ndi mnzanu wapamtima, shehe, abusa kapena ansembe kumapeputsa, ndipo kupita kuchipatala chifukwa cha maganizo sikutanthauza misala.

Nanga ngati ndalama palibe?

Wina anena kuti: "Zonsezi n'zabwino, koma vuto langa si masiku, ndi umphawi." N'zoona, kukonzekera sikubala ndalama, ndipo sikufupikitsa msewu wa ku Lichinga. Koma wosauka ndiye amene kuchedwa kumamupweteka kwambiri. Wolemera akalakwitsa pepala amakwera galimoto n'kukakonza mawa lake. Wosauka ulendo wachiwiri ndi thumba la chimanga. Kuwerenga maina pamphasa n'kwaulere. NUIT ndi yaulere. Kufunsa mphunzitsi n'kwaulere, ndipo paja safunsa adadya phula.

Sikuti katundu yense akhale pamutu pa makolo. Ndikupempha akuluakulu a masukulu a sekondale kuti aitanitse msonkhano wa makolo a kalasi 12 pakati pa chaka, afotokoze za mapepalawa m'zilankhulo zathu, ndipo edital ikatuluka aimate pakhoma. Mafumu ndi atsogoleri a mizikiti ndi matchalitchi alengeze pamene gulu loyendayenda lopanga BI ndi zikalata za kubadwa lafika m'dera. Ana athu amene ali kale ku yunivesite, akabwera kutchuthi, apatule tsiku limodzi lothandiza azing'ono awo kulembetsa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo inu amene muli ndi makanda, alembetseni ku Registo Civil m'miyezi yoyambirira, pamene kulembetsa kuli kwaulere, ndipo muonetsetse kuti dzina lalembedwa bwino. Mukatero mwadzichotsera mutu umene ukanadzakuwawani zaka 17 zikubwerazo.

Sabata ino, tsitsani jumbo ija pamsomali. Yalani mapepala, muwawerenge pamodzi ndi mwana, ndipo chimene chikusowa muchilembe m'kope. Mukapita kumsika, dzerani kuchipatala akakuyezeni BP. Madzulo, mukatha kudya, mufunseni mwana wanu chimene iye akufuna kudzaphunzira ndi chimene chikumuopsa, ndipo mumvetsere mpaka amalize.